Ekiselo ya Achimwene

Kuno ku Bay City ukafunsa za Marvin Kubiak, anthu amayamba apukusa mutu, kenako n'kuti, "Mkulu wa ekiselo uja?" Munthuyu anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zinayi pafakitale yosungunula zitsulo, analera ana awiri, anaika mkazi wake m'manda, ndipo misa ya Lamulungu sankaphonya. Koma zonsezi ndani amazikumbuka? Chimene timakumbuka n'chakuti ukalamba wake wonse unathera chagada, pansi pa galimoto imene sinali yake n'komwe.

Galimotoyo inali ya achimwene ake, a Norbert. Anaigula yatsopano mu 1969, yobiriwira, ya zitseko ziwiri, injini yake ikalira mawindo a tchalitchi ankachita kunjenjemera. Chaka chotsatira boma linawaitana kunkhondo ku Vietnam. Anaitsekera m'shedi ya bambo awo, makiyi n'kupachika pamsomali, kenako n'kumuloza chala mng'ono wawoyo.

"Iwe, ukangoikhudza ndidzakuthyola zala."

Marvin anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, nkhutukumve weniweni. Sipanathe miyezi iwiri, Loweruka lina masana anaitulutsa kukapikisana ndi mnzake pamsewu wa kuminda. Anaponda mafuta mpaka pansi, n'kumasula kilatchi kamodzin'kamodzi. Kumbuyo kunangomveka kuti phwaa! Magiya a mu difu, mphika uja wokhala pakati pa ekiselo, chitsulo chachitali cholumikiza mawilo am'mbuyo, anagweluka mano, ndipo shafuti yobweretsa mphamvu kuchokera ku giyabokosi inapindika. Ndi mantha, anathamangira kotayira magalimoto akufa, anatengako ekiselo ina ndi shafuti ina, zakalezo n'kuziponya pamulu wa zitsulo zokasungunula. Anatsuka galimoto, anabwezera makiyi pamsomali, mumtima n'kumati zatha.

A Norbert anabwerako owonda, osakonda kulankhula. Tsiku lachiwiri anatulutsa galimoto yawo, ndipo sipanathe mphindi khumi anali atabwerera. Anatsika, anaponya makiyi pamapazi a Marvin.

"Udzandibwezere galimoto yanga mmene ndinaisiyira. Kufikira tsiku limenelo, ine ndilibe mng'ono."

Marvin anangoti pali wina wamunenera, ndipo m'malo mopepesa anapsa mtima. Munthu wapulumuka kunkhondo, n'kumadzalirira chitsulo? Banja la Kubiak timalidziwa ife, ndi anthu ouma mitu kuyambira agogo awo. Zaka zinapita, makumi atatu n'kupitirira. Tchalitchi chimodzi, wina kumanzere wina kumanja. Kuholo ya parishi Lachisanu kukakhala nsomba zokazinga, wina akalowa wina ankatuluka mbale ili pakati. Bokosi la mayi awo analinyamula onse, wina kumutu wina kumiyendo, osapatsana ngakhale moni. Galimoto ija inangokhala m'shedi, mbewa n'kumaberekerana m'mipando.

Mu 2008 mkazi wa Marvin, Dolores, anamwalira, iye atangopuma kumene pantchito. Ana anali kutali ndi mabanja awo. Pamaliropo a Norbert anabwera, anaima kumbuyo kwenikweni chipewa chili m'manja, ndipo mwambo usanathe anali atapita. Marvin anawaona msana wokha, utayamba kuwerama. Chinamulasa mumtima: mwa anthu onse amene anamudziwa ali mwana, watsala ndi ameneyo basi. Sabata yomweyo anatsekula shedi ija.

Mwina mukuti nanga chovuta n'chiyani, si kungogula ekiselo ina n'kumangirira? Ha! Anthu a magalimoto akalewa ali ndi malamulo oposa a tchalitchi. Chitsulo chilichonse chimene chinatuluka m'fakitale chinadindidwa tsiku lake. Galimoto ya a Norbert inamangidwa sabata yachiwiri ya Epulo, choncho ekiselo yake iyenera kukhala ya mu Malichi chaka chomwecho. Ya mu Meyi ndi bodza, galimoto singabadwe miyendo yake isanapangidwe. Ndipo Marvin, amene ananama kamodzi ndi ekiselo yotola, sanafune kunamanso kachiwiri.

Anayamba kuyenda m'misika ya zitsulo zakale, ku Ohio, ku Indiana, mpaka ku Pennsylvania, m'thumba muli tochi ndi burashi ya waya. Ankagwada m'matope, n'kumapala dzimbiri kuti awerenge manambala. Ogulitsa anamuzolowera.

"Abambo a Malichi afika!" ankamuseka choncho. "Mkulu, tengani ya Juni iyi. Adzakwawire pansi n'kukawerenga ndani?"

"Ndidzawerenga ine," ankayankha, n'kudzuka movutikira kupita pamulu wina.

Anaipeza patatha zaka zisanu ndi zinayi, kuseri kwa khola la nkhumba la mlimi wina ku Indiana, itamira m'udzu. Atapala, panatuluka 19 Malichi. Mlimiyo anatiuza pambuyo pake kuti anachita manyazi n'kuyang'ana kumbali, poti mkulu wa imvi anali akulira ali chogwada.

Kuikonza kunamutengera zaka zina ziwiri. Anachotsa dzimbiri lonse, anapaka penti yakuda yosawala kwambiri, yopyapyala, n'kusiya dala kuti idonthe pang'ono chakumunsi, poti kufakitale ankapaka mothamanga. Pa difu anadontheza kadontho kachikasu kamene oyendera ntchito kufakitale ankaika. Shafuti anaisiya yosapenta, chitsulo chili mbee, ndi mizere iwiri yokha, wofiira ndi woyera. Ngakhale mabawuti anafuna a zilembo zoyenera pamutu. Magiya anawapeza a nthawi yomweyo, osagwirapo ntchito, akadali m'pepala lawo la mafuta. Kuti mano a magiya alumane bwino pamaikidwa tizitsulo topyapyala ngati pepala, ndipo Marvin anachotsa, anaika, anachotsanso, akupaka girisi wachikasu pamano kuti aone pamene akukhudzana, mpaka chidindo chinakhala pakati penipeni. Atazungulitsa ndi dzanja, sipanamveke kanthu. Anadzitama mumtima kuti ngakhale akufakitale sakanafika pamenepo.

Kumayambiriro kwa Seputembala anakumana ndi Joanne, mwana wa a Norbert, pakhomo la sitolo.

"Bambo aang'ono," anatero, maso ali pansi, "adadi awapeza ndi khansa ya m'mapapo. Madokotala akuti akafika Khirisimasi ndi mwayi."

Marvin anamangirira zonse m'masiku asanu ndi atatu, osapita ngakhale ku misa. Kenako anaiyendetsa mpaka pakhomo pa achimwene ake n'kuimba hutala kamodzi. A Norbert anatuluka pang'onopang'ono, timapaipi ta mpweya tili m'mphuno. Anazungulira galimoto ija akuigwiragwira. Poti sakanatha kuwerama, Marvin anali atabweretsa kalilole womangirira kundodo.

"Taonani, achimwene. Tsiku lake ndi ilo, 19 Malichi. Kadontho kachikasu ndi ako. Mabawutiwo muwaone mitu yake, ndi omwe aja, ndinakawapeza ku..."

"Ukadali wolongolola," anamudula a Norbert. "Liza injini."

Mawu oyamba m'zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu! Marvin anawatsegulira chitseko, anawakhazika pampando, n'kuliza injini.

Anatuluka m'tauni, analowa msewu waukulu wopita kumpoto. Kamuvi ka liwiro katafika pa 50, a Norbert anatsinzina, n'kupendeketsa mutu chakumbuyo. Ankamvetsera.

"Nanga ikuimbira kuti?"

"Chiyani, achimwene?"

"Ekiselo. Yanga inkaimba. Ikafika pa 50 inkang'ung'udza pansipansi, osaleka. Lamulungu ndinkapita ndi malemu Arlene ku Tawas tisanakwatirane, ndipo pobwerera ankagona paphewa langa ndi nyimbo imeneyo. Kunkhondo kuja ndikatseka maso ndinkaimva." Anatsokomola. "Tsiku lija unkayesa anakunenera ndani? Ndinafika pa 50, kumbuyo kuli zii."

Marvin anatchera khutu kumbuyo. Iye nyimboyo sanaimvepo. Tsiku limene anaiba galimotoyo ankangodziwa kuponda mpaka pansi, injini ikubangula. Tsono nyimboyo inachokera pa kulakwitsa kwa wina kufakitale, kachitsulo kamodzi kosayenera, ndipo m'mabuku onse amene anawerenga munalibe tsamba lonena zimenezo.

"Iyi ndi yabwino kuposa yanga," anatero a Norbert. "Koma si yanga. Ndibwezere kunyumba."

Wina akanasiyira pomwepo. Marvin anabwerera m'shedi, anaimika galimoto pa jeke, anakhetsa oyilo, n'kuyamba kuononga dala ntchito imene anaikonza zaka ziwiri. Koma kulakwitsa kuli ndi njira zambirimbiri, ndipo iye ankafuna imodzi yokha imene sanaimvepo. Kusintha kachitsulo kamodzi kunkafuna kuchotsa matayala, kusolola mikono yonse iwiri ya ekiselo, n'kutulutsa magiya olemera ngati mwana wa zaka zisanu. Kwa munthu wa msinkhu wake inali ntchito ya masiku anayi, ndipo msana unkamuwawa mpaka ankadya chakudya ali chiimire.

Ulendo woyamba atawakwezanso a Norbert, difu inakuwa.

"Imeneyo ndi nkhumba yophedwa," anatero a Norbert. "Unaphunzira kuti umakaniko, kubutchala?"

Ulendo wachiwiri inkaimba akachotsa phazi pamafuta, akaponda n'kuleka. Wachitatu a Norbert anamvetsera nthawi yaitali.

"Yayandikira. Koma yakwera kwambiri."

"Tang'ung'udzani ndimve, achimwene. Pang'ono pokha."

Anayesa. Anatseka milomo, panatuluka kamphepo chabe, kenako chifuwa chinawagwira mpaka Marvin anaimika galimoto pambali. Atapukuta pakamwa, kansaluko kanali ndi magazi.

Tinene zoona, maulendo amenewo Marvin ankawakonda. Kunyozedwa ndi achimwene ake kunkamukomera kuposa moni wa tauni yonse. Koma akawatsitsa pakhomo, a Norbert ankangoti, "Iwe, ukayesenso," n'kulowa. Mlandu unali ukadalipo. Ndipo nthawi iliyonse akakhetsa oyilo ankaona tizidutswa tonyezimira m'beseni. Magiya aja anali akudyana okha, ndipo ena ngati amenewo sakanawapezanso.

Pakati pa Novembala chipale chofewa chinagwa, ndipo m'mawa mwake malole a boma anayamba kumwaza mchere wosungunula chipalecho m'misewu. Kuno aliyense amadziwa kuti mchere ukangogwa, galimoto yakale imafunditsidwa nsalu mpaka mvula ya Epulo itatsuka misewu. Mchere umadya chitsulo chosapenta m'masiku owerengeka. Marvin anali atangomaliza kusintha kachisanu pamene Joanne anaimba foni.

"Bambo aang'ono, asiya kudya. Ngati muli ndi choti muwaonetse, musadikire."

Marvin anaima pakhomo la shedi akuyang'ana msewu wa matope oyera aja. Kenako analowa m'galimoto. Madzi amchere akumenya pansi, ankawamva ngati akumumenya iye m'nthiti, koma anadzera kaye msewu waukulu kuti ayese yekha. Kamuvi katakwana pa 50, kumbuyo kunayamba kung'ung'udza. Pansipansi, mofatsa, osaleka. Sakanatha kudziwa ngati ndi yomweyo, koma inali nyimbo yoti munthu angagone nayo.

Iye ndi Joanne anawanyamula a Norbert, poti miyendo inali itakana, n'kuwakhazika pampando atawakulunga mabulangete awiri. Anali opepuka moti Marvin anachita mantha.

"Lero ndiye mumva, achimwene. Ndikuganiza kuti ndaipeza."

A Norbert anali atatsinzina. Mutu unali utatsamira pawindo. M'tauni msewu unali woterera, kutsogolo kuli basi ya sukulu, ndipo Marvin ankangoyenda pang'onopang'ono akuluma mano. Atadutsa mlatho, a Norbert anatsekula maso.

"Eya. Ndi imeneyo. Wakhoza. Tibwerere."

Marvin anayang'ana kamuvi. Kanali pa 30. Kumbuyo kunali zii.

"Achimwene, sinayambe. Msewu waukulu ndi uwo mukuuonawo. Mphindi zitatu zokha."

"Ndati ndamva."

"Simunamve kanthu! Musandinamize, achimwene, chonde. Zaka zonsezi... Mphindi zitatu basi, mumve ndi makutu anu, mukane kapena muvomere."

"Ndatopa, Marvin," anatero ndi mawu otsika. "Ndikumva kuzizira. Ndiperekeze kwa mwana wanga."

Chikwangwani cha msewu waukulu chinali pomwepo, patsogolo pawo. Marvin anayang'ana nkhope ya achimwene ake, milomo itachita bii. Anakhotera pamalo omwetsera mafuta, anatembenuza galimoto, misozi ikutsikira m'kolala ya jekete.

A Norbert anamwalira Lachinayi la sabata yomweyo. Pamaliro anthu ankamugwira Marvin paphewa n'kumati, "Mulungu ngwabwino, mwasiyana mutagwirizana." Iye ankangogwedeza mutu. Ankadziwa kuti sanabweze chimene anatenga. Anangomasulidwa ndi munthu amene analibenso mphamvu zokanira.

Akadali moyo Marvin, ngakhale kuti pansi pa galimoto sathanso kulowa. Shafuti ija inachita dzimbiri nyengo yomweyo ndipo sanaipalenso. Kukatentha, Lamulungu akatuluka ku misa, timamuona akulowera msewu wa ku Tawas ali yekha. Akafika pa 50 ekiselo imayamba kuimba, iye n'kumamvetsera, ndipo padziko lonse palibenso munthu woti amuuze ngati nyimboyo ndi yomweyo.