Mayeso a nyumba ya a Anaclet

A Anaclet, kalipentala wa ku Le Moule, anali asanakhozepo mayeso chibadwire. Sukulu anaithawa ali ndi zaka khumi, aphunzitsi atawanena kuti mutu wawo ndi chipika. Chipikacho ndicho chinadzamanga theka la nyumba za mumsewu wathu, kuphatikizapo yawo yamatabwa ija ya makomo asanu ndi limodzi.

Mawondo atayamba kukana, mwana wawo Guylène, amene amakhala ku France, anawanyengerera kuti aigulitse akakhale kwa mlongo wawo. Koma kuno ku Guadeloupe nyumba sigulitsidwa popanda chikalata chonena mmene imadyera magetsi. Kumabwera munthu kudzayeza, n'kuipatsa chilembo, ngati kusukulu. Nkhalambayo itamva, chakudya chinasiya kulowa. Mayeso omwe aja awalondola mpaka kuukalamba!

Guylène, pofuna kuthandiza, anawauza pafoni kuti ku France kumene iye ali nyumba yokhoza ndi yosalowa mphepo. Ndiye a Anaclet, munthu amene moyo wake wonse wakhala akutsegulira mphepo njira, anatha masiku atatu akutseka mipata ndi nsanza, mtima ukuwawa.

Woyezayo, mayi wina dzina lake Mirella, anangoti kulowamo, thukuta kamukamu. Anafunsa ngati umu ndi mowotchera buledi. Atamva nkhani yake anaseka mpaka kugwira nthiti, nati zimenezo ndi za kozizira, kuno nyumba imakhoza ikamapita mphepo yokha, osadalira makina.

"Bambo, tsegulani monga mumachitira masiku onse."

A Anaclet anazula nsanza zija. Mphepo inalowera khomo la kum'mawa, n'kuulutsa mapepala a mayiyo, n'kukatulukira kukhitchini. Mayiyo anayang'ana denga lalitali ndi khonde lotchinga dzuwa, n'kufunsa kuti pulani anajambula ndani.

"Palibe, mwanangu. Ndinangokhala pano sabata yathunthu, kumvetsera kumene mphepo imachokera."

Chikalata chinabwera ndi chilembo B. Ananyinyirika pang'ono kuti bwanji osakhala A, poti munthu sakhuta, koma tinawaona akupukuta m'maso.

Nyumba inagulidwa. Mipando anagawa, zida anapatsa anzawo, koma chikalata chija anachipalira felemu ya mtengo wa mahogane ndi manja awo. Lero mlendo akafika kwa mlongo wawo, asanampatse n'komwe madzi, a Anaclet amamukokera kukhoma.

"Tawerengani apa mokweza. Ine kuwerenga kumandivuta, koma ndinakhoza."