Mapiritsi m'phala la atate

Ufulu utangobwera, atate ankagwira ntchito kumgodi wa mkuwa ku Kitwe ndipo tinkakhala kukomboni ya Kwacha. Anzawo ankagula njinga ndi mawailesi, koma iwo anayamba kukhala chete. Akaweruka ankakhala pakhonde osavula ndi nsapato zomwe. Kenako analekeratu kupita kuntchito, chakudya n'kumangochiyang'ana.

Amayi anapita nawo kuchipatala. Adokotala anati ndi matenda a maganizo ndipo anapereka mapiritsi. Atate anakana kumwa, amvekere iwo si wamisala. Ndiye amayi ankaphwanya piritsi ndi supuni n'kusakaniza m'phala. Ine ndinkaona. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi.

Patapita masabata angapo atate anayamba kudyako. Apa m'pamene azakhali, mlongo wawo wa atate, anafika kuchokera ku Ndola. Ndinkawakonda kwambiri. Tsiku lina akundiluka tsitsi anandifunsa chapansipansi kuti, "Mwana wanga, amayi ako amathira chiyani m'phala la atate ako? Ndiuze, zithera pompano."

Ndinawauza zonse, ndi zakuchipatala zomwe.

Lamlungu titachoka kutchalitchi, abale anadzaza m'nyumba. Azakhali anandiimiritsa pakati.

"Unawaona akuthira kapena ayi?"

"Ndinawaona, koma ndi mankhwala a..."

"Basi, khala pansi. Mwamva nokha. Mlamu wathuyu ndiye wapusitsa mwamuna wake."

Amayi anatulutsa kabotolo kakuchipatala. Palibe anakayang'ana. Atate anangowerama.

Sabata yomweyo abale anawatengera atate kumudzi, kum'mawa, mapiritsi n'kutsala pawindo. Sanathe zaka ziwiri. Kalata inatipeza maliro ataikidwa kale.

Mwana wanga wamkazi pano ndi namwino. Nditamusimbira nkhaniyi anandifotokozera kuti muubongo muli kamadzi kotchedwa serotonini, kamene kamanyamula uthenga, ndiponso timalo tolandirira uthengawo. Zimenezi zikasokonekera, munthu angathe kutaya chimwemwe, tulo ndi chilakolako cha chakudya, popanda womulodza. Anati madokotala sanazimvetse zonse mpaka lero, koma ambiri amathandizika akapitiriza mankhwala.

Amayi sanandinenepo kanthu mpaka kumwalira kwawo. Ankangoti ndinali mwana. Azakhali anakalamba kwambiri, ndipo atadwala anatuma uthenga kawiri kuti ndikawaone kwawo ku Kanini, ku Ndola. Ulendo woyamba ndinafika mpaka pokwerera basi, n'kubwerera. Wachiwiri sindinavale n'komwe nsapato.