Ming'oma ya Atate m'Misuku Yathu

Chaka chimene soya anakwera mtengo, amuna a kwathu ku Chinyunyu anachita ngati alodzedwa. Ogula ankabwera ndi masikelo awo pamsewu waukulu, ndipo aliyense wokhala ndi nkhwangwa anayamba kuona munda paliponse pamene panali nkhalango. Dzinja litangotha, mapiri onse anali kufuka utsi wa makala.

Amuna anga nawonso matendawa anawagwira. Kuseri kwa munda wathu kunali kankhalango ka misuku, kumene ndinkatola masuku okagulitsa kumsewu ndi kuzula bowa mvula ikagwa. Ana anga onse anaphunzirira kuyenda pansi pa misuku imeneyo. Tsiku lina ndinapeza amuna anga akunola nkhwangwa, uku akuimba nyimbo ya kutchalitchi.

"Amake ana, ija misuku tizachosa," anatero. "Manje soya ndiye ilipo. Masuku ni vakudya va anyani."

Ndinapsa mtima kwambiri, koma amuna anga ndimawadziwa: ukawakalipira ndiye amachita kufulumira. Ndinangomanga chitenje n'kupita kwa atate anga, kutsidya kwa mtsinje.

Atate anali atasiya za njuchi chifukwa cha msana, koma ming'oma yawo yakale inali itaunjikidwa kuseri kwa nkhokwe, nkhuku zikuikiramo mazira. Kwathu mtengo umene papachikidwa mng'oma sudulidwa mwini mng'omawo asanalole. Nanga mkamwini angakauze apongozi ake kuti chotsani ming'oma yanu? Makamaka amuna anga, amene akakumana ndi atate panjira ankapatukira kutchire, chipewa chili m'manja.

Nditawafotokozera, atate anaseka mpaka kutsokomola. M'mawa mwake amuna anga atapalasa njinga kupita ku Mpanshya kukafuna mbewu, ine ndi mlongo wanga wamkulu tinapachika ming'oma ija m'misuku, ina yoboola, ina yonunkha zitosi.

Atabwerako anaima nthawi yaitali akuyang'ana m'mwamba.

"Ivi ni va ndani?"

"Ni va apongozi anu," ndinayankha ndikupeta mapira. "Akuti mukafuna kudula, mupite mukakambe nao."

Tsiku lililonse ankanena kuti apita mawa. Mvula inawapeza akunenabe zomwezo, ndipo soya wawo anadzala m'munda wakale, nkhope ili gwa.

Ine ndinkadziwa kuti ming'omayo inali yopanda kanthu. Koma mitengo itayamba maluwa, ndinamva kulira m'mwamba ndikutola nkhuni. Njuchi zinali zitalowamo, pafupifupi mng'oma uliwonse. Zikanapitanso kuti, poti konsekonse kunali zitsa zokhazokha? Ndinavina ndekha m'tchiremo, mayi wamkulu ngati ine.

Chaka chotsatira soya anatsika mtengo chifukwa aliyense anali naye. Anzanga amene minda yawo inafika mpaka pamwamba pa phiri ankabwera ndi mabeseni kudzapempha kuti azuleko bowa kwathu. Ndinkawalola, ndipo zinkandimvetsa chisoni kuona kuti kwawo kunalibe ngakhale mthunzi wopumirapo.

Uchi woyamba anafula amuna anga omwewo, osadziwa n'komwe kafulidwe kake. Anabwera diso limodzi litatsekeka ndi kutupa, mlomo uli ngati wa ng'ombe. Mwambo wake ndi wakuti uchi woyamba upite kwa mwini ming'oma, choncho tinanyamula chidebe n'kuwoloka mtsinje. Anagwada patali, chipewa chili m'manja.

Atate analawa ndi chala, n'kuwayang'ana mkamwini wawo.

"Paja namva kuti munali kufuna kukamba na ine za ija mitengo?"

"Iyai, atate," anatero amuna anga ndi mlomo wotupawo. "Nabwela kupempha ngati kuli ming'oma ina yosala."