Mtovu wa Bambo Ake a Darla

Galimoto yamtengo ya Darla Jablonski inaima pakati pa njira ya mpikisano. Zinzake zitatu zinali zitadutsa kale mzere womaliza, koma iyo inazandima, kukhula m'mbali, n'kuima zii. Muholo ya tchalitchi wina anaphulika kuseka.

"Darla, imeneyi ndi galimoto kapena sopo?" anakuwa Dustin Brandt, mnzake wa m'kalasi. "Ikankhe ndi chala, mwina ifika mawa!"

Darla anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anakatola galimoto yake anthu onse akuona, kuibisa m'jekete, n'kutuluka panja pa chisanu osalira. Misozi inadzatuluka ali m'galimoto ya amayi ake.

Inu amene mukufuna mawu okulimbitsani mtima, imvani nkhani ya mtsikana ameneyu.

Kwathu kuno ku Wisconsin, chisanu chikafika pachimake, mwana aliyense wa kalabu ya kutchalitchi amalandira kabokosi. M'kati mumakhala kachipika ka paini, matayala anayi ndi misomali inayi yokhomera matayalawo. Mwanayo aseme galimoto yotalika ngati dzanja la munthu wamkulu. Injini palibe. Amaiika pamwamba pa njira yamatabwa yotsetsereka n'kuisiya, kulemera kwake ndiko kumaitsitsa, ndipo isapose maaunsi asanu pasikelo, pafupifupi magalamu 140.

Amati ndi mpikisano wa ana, koma limenelo ndi bodza lomwe tonse tinagwirizana. Amene amatuluka thukuta ndi abambo. Mwana amangosankha mtundu wa penti, kenako amauzidwa kuti, "Taima uko, ungawononge." Bambo ake a Dustin anali dokotala wa mano, ndipo tauni yonse inkadziwa kuti misomali ya galimoto ya mwana wawo ankaipukuta ndi makina otsukira mano a anthu.

Darla analibe womuuza kuti aime uko. Bambo ake anamwalira masamba akuyoyoka, kabokosi kasanabwere. Anali munthu wokonda kuwedza nsomba, ndipo ali kuchipatala anamupatsa mwana wawo kachitini ka timitovu tomangirira pachingwe cha mbedza.

"Ukaike timeneti m'galimoto mwako," anatero. "Ineyo ndikwereko. Koma ukandifikitse kumapeto, wamva? Ine sindikonda kutsika panjira."

Ankanena moseka, koma mwana sasiyanitsa nthabwala ndi pangano. Darla anasema chipika chake ndi mpeni wakukhitchini, n'kumata timitovu tonse kutsogolo, chifukwa bambo ake ankakhala kutsogolo akamayendetsa. Misomali anaikhoma momwe inabwerera, yokhakhala. Ndiyo galimoto imene inaima pakati pa njira ija.

"Ndawasiya adadi panjira," anauza amayi ake tsiku limenelo. "Kukalabu kuja sindidzapitakonso."

Mayi Jablonski sanamukakamize. Anali ndi chisoni chawo, ndiponso ntchito yawo kufakitale ya tchizi. Galimoto inakhala pawindo la kukhitchini miyezi yambiri ikusonkhanitsa fumbi.

Tsiku lina m'chilimwe, mayiyo akusesa m'galaja anapeza chitseko chakale. Anachitsamiritsa pa masitepe, n'kuitana mwana wawo.

"Tabwera naye sopo wako uja. Ndikufuna ndione ndi maso anga chimene chinavuta."

Darla anabwera nayo monyinyirika. Anaiika pamwamba pa chitseko, inatsika, n'kuima pafupi ndi tayala la njinga. Amayi ake anaitola, kuitembenuza uku ndi uku, nawonso n'kuisiya. Ulendo uno inadutsa njinga ija, kukafika mpaka pa ndowa yomwe inali pafupi ndi khomo.

"Amayi, mwaikankha!"

"Ndaikankha ndi chiyani? Manja anga si awa?"

"Ndiye mwaiika chambuyo! Kutsogolo ndi uku."

"Iwe, chinthu chimenechi kutsogolo ndi kumbuyo n'chimodzimodzi. Ukanalemba."

Anaseka onse awiri, koyamba chimwalirire bambo. Koma Darla atatha kuseka anakhala pansi n'kuyamba kuganiza. Anaitsitsa chakutsogolo, inaima pa njinga. Anaitsitsa chambuyo, inafika pa ndowa. Anabwereza mpaka amayi ake anatopa n'kukalowa m'nyumba.

Chimene anaona mwanayu ndi ichi: mtovu ukakhala kutsogolo, umafika msanga pansi pa chitsetse, ntchito yake n'kuthera pomwepo. Ukakhala kumbuyo, umayambira pamwamba kwambiri, ndipo mphuno ya galimoto ikafika pathyathyathya mtovuwo umakhala ukadatsikabe, ukukankha. Abambo ambiri a m'tauni ankazidziwa kale zimenezi, koma Darla anazipeza yekha pa chitseko chakale.

Kuyambira pamenepo galaja inasanduka sukulu yake. Anapempha zidutswa za paini kwa anthu omanga nyumba, n'kumasema, kuwononga, kusemanso. Anazindikira kuti pansi pa mutu wa msomali pamakhala kanthu kakuthwa kamene kamaluma tayala, ndipo ankakapala ndi sandipepa mpaka zala kuchita matuza. Anayesa kuthira mafuta ophikira m'matayala, anagwira fumbi n'kuuma gwa. Anadzaphunzira kuthira ufa wakuda wonga wa m'pensulo, umene unadetsa makatani a amayi ake mpaka anakalipiridwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwanayu anadekha miyezi yonse yotsalayo.

Chisanu chitabwerera anakalandira kabokosi katsopano. Anasema galimoto yopyapyala, kukumba kumbuyo, n'kuikamo timitovu ta bambo ake tonse. Kenako anaipaka penti wobiriwira ngati bwato limene bambo ake ankawedzera nsomba. Anapaka, kuumitsa, kupakanso, kufuna kuti pasapezeke woitchula sopo. Inawala mpaka munthu kudziona nkhope.

Tsiku la mpikisano, magalimoto onse amayamba adutsa pasikelo. Woyeza chaka chimenecho anali bambo Gunderson, mkulu wa mpingo wosadziwa kukondera. Anaika galimoto ya Darla pasikelo, kuyang'ana, n'kupukusa mutu.

"Yaposa, mwanangu. Pang'ono pokha, koma yaposa. Penti wakulemeretsa."

Darla anali atayeza galimotoyo asanaipake, osaganiza kuti penti nayenso amalemera.

"Usade nkhawa," anatero bambo Gunderson. "Tichotse kamtovu kamodzi, tatha. Galimoto yokongola chonchi sitingaiwononge."

Pathebulo lapambali panali chobowolera, chodikira anthu ngati iyeyu. Darla anayang'ana penti wake, ntchito ya miyezi yambiri ikuwala pamenepo. Anayang'ananso kumbuyo kumene kunali timitovu.

"Ayi, bambo. M'menemo simutsika munthu. Boolani kutsogoloku."

"Pamwamba pomwepa? Pansipa ndi popyapyala kale, tikaboola ithyoka. Ioneka moipatu."

"Boolani."

Anaboola kamodzi, sikelo inakana. Anaboolanso, penti wobiriwira akugwa pansi ngati makoko. Sikelo itavomera, mphuno ya galimoto inali ndi mabowo oyera oonekera patali.

Dustin sakanalola mwayi wotere kumudutsa. "Chaka chatha sopo, chaka chino tchizi, mabowo okhaokha! Wabweretsa kuchokera kuntchito kwa amayi ako?"

Darla anangomudutsa. Galimoto zikayezedwa sazikhudzanso eni ake, choncho anangokhala pansi kumapeto kwa njira, manja ali m'matumba. Sankaganiza za chikho cha wopambana. Ankangoyang'ana pamalo paja pamene inaima chaka chatha.

Anamasula chotsekera cha pamwamba pa njira, galimoto zinayi n'kutsika limodzi. Pachitsetse ya Darla sinali patsogolo. Koma zitafika pathyathyathya, pamene zinzake zinayamba kufooka, yamabowo ija inapitirira ngati pali dzanja loikankha. Inadutsa pamalo paja. Inadutsa ya Dustin. Inawoloka mzere n'kukadziguguda pa pilo wotchingira kumapeto.

Holo inasokosera, koma amene tinali pafupi tinamva zimene mwanayo ananena atawerama pa galimoto yake.

"Tafika, adadi. Mutha kutsika."

Chikho chachikulu sanatenge tsiku limenelo, pomaliza anakhala wachitatu. Amayi ake analira ngati watenga zonse, ndipo ine ndikuuzani kuti nanenso ndinapukuta m'maso.

Lero Darla ndi mayi wa ana ake, ndipo ali ndi shopu yakeyake ya ukalipentala. Kabokosi kakatuluka amatsegulira shopuyo mwana aliyense amene alibe womuthandiza, ndipo lamulo lake ndi loti sandipepa agwire mwanayo. Galimoto yamabowo ija ili pashelefu, ndipo sanaipakenso.

Mwina nanunso muli ndi cholemera chanu: maliro, mayeso amene munalephera, tsiku limene anthu anakusekani. Musachitaye, pakuti ndi chanu, ndipo mwina ndi chokhacho chimene anakusiyirani. Koma musachiike kutsogolo kwanu kuti muzingochiyang'ana, mudzaima panjira. Chiikeni kumbuyo chizikukankhani, ndipo ngati pafunika kuboola, boolani penti. Osataya mtima, mzere womaliza ukadali pomwe uja.