Mphete yathu ili pachala cha Agnesi

Atate a Tamanda, lero ndaona mphete yathu ya ukwati kumsika wa Soweto. Ili pachala cha mlongo wanu Agnesi, amene anandivula tsiku lomwe tinakuikani m'manda, ati ndi katundu wa kwanu. Ndinamupeza akusankha matimati. Nditapempha kuti andibwezere, anaseka: "Mulamu, ukwati unasila ku manda. Elo inithina, nizaipeleka baisungunule, nipange masikiyo yovala kumakutu."

Ndakumbuka Loweruka lija kunyumba kwathu ku Chelstone, ine ndikuchapa, mphete nditaiika pamwala kuopa sopo. Munaitola, uphunzitsi wanu wa sayansi n'kuyambika. Munati golide sanabadwire pansi pano: nyenyezi ziwiri zakufa zinazungulirana mpaka kuwombana, fumbi lake linamwazika mumlalang'amba, n'kusakanikirana ndi limene linadzaumba dziko lathu. Munati kuwombana kotero kumagwedeza thambo lonse, ndipo masiku ano kuli makina amene amamva kunjenjemerako ngakhale kuchokere kutali chotani. Ine ndinati, "Kansi munanigulila votsala pa ngozi?" Munaseka mpaka kutsokomola, n'kundiveka dzanja lili thovu lokhalokha.

Anthu akumva nyenyezi zakufa, bambo, koma ine tsiku la maliro anu lija, akundivula mphete, ndinakuwa m'nyumba yodzaza abale anu ndi a kumpingo, palibe anadzutsa mutu. Lero sindinakuwe. Ndinangogwira dzanja la Agnesi ngati ndikutsanzika, osafuna kulisiya, kuti ndiikhudze komaliza. Iye analisolola n'kulipukuta pachitenje.