Buku Lonunkha Utsi

Dzulo, ndikulowetsa mabuku a mulaibulale ya sukulu yathu m'kompyuta, ndinapeza lina lonunkha utsi. Ndinakumbukira mayi Kalonga, amene ankasunga mabuku ine ndili folomu 1 kwathu cha ku Thambani. Munthu ukabweza buku, ankayamba alinunkhiza. Langa, poti ndinkawerengera kukhitchini, linkamveka fungo la utsi ndi makoko a manachesi. Ndinkaopa kuti andiletsa kubwereka, ndiye lotsatira ndinalikulunga m'jumbo, osalitsegula sabata yonse.

Nditabweza, analinunkhiza n'kundipatsanso.

“Iwe, bukuli sunawerenge. Pita nalo, libwere likununkha kwanu.”

Masiku ano kompyuta imandiuza amene wabweza buku ndi tsiku lake. Koma amene wawerenga, ndimachita kununkhiza ndekha.