Njuchi m'Maungu a Amayi

M'mawa wa lero ndikuthyola chiluwe cha ndiwo, chala changa chinatuluka m'duwa chili chachikasu, ndipo ndinayamba kuseka ndekha m'dimba ngati wamisala.

Ndili kamtsikana tinkakhala m'malaini a esiteti ya tiyi, kufupi ndi Masambanjati. Nthanga za maungu amayi anabwera nazo pamene tinkachoka kwathu, kudziko la Apwitikizi, atazimanga pansonga ya nsalu. Zina tinakazinga panjira chifukwa cha njala, zotsalazo anadzala kuseri kwa nyumba. Akamapita kokathyola tiyi ankandiuza kuti, "Iwe, usachokepo. Chilichonse chisakhudze maungu anga."

Mbuzi ndinkazitha. Koma tsiku limene maluwa anatseguka kunabwera njuchi. Zinkalowa zili zakuda, n'kutuluka zitadzola ufa wachikasu mpaka m'miyendo, n'kukalowanso m'duwa lina. Ndinazikupiza ndi tsamba la nthochi, imodzi n'kundiluma pachikope. Pofika masana maluwa aja anali atafota. Ndinati basi, akubawa apha maungu, mbewu ya kwathu yathera m'manja mwanga.

Amayi anafika dengu likadali kumsana, n'kundipeza ndikulira, diso litatupa. Anagwada, n'kutembenuza duwa limodzi lofota. Pansi pake panali kadzungu konga dzira la nkhunda.

"Mwanawe, ufawo sizikuba ayi, zikukautula ku duwa lachikazi. Amenewa ndi ankhoswe. Ukawathamangitsa, ukwati aumanga ndani? Kakadakhala kopanda iwo, kadzunguka kakanayoyoka."

Mtima wanga unakhala pansi, ngakhale diso linkatukutira.

Maungu ndikulima lerowa ndi zidzukulu za nthanga zomwe zija. Ndikanakhala mlonda waluso, bwenzi atathera chaka chomwecho.